Ndinawasiya Che Amidu pa Matiresi ku Joni

Anthu a kuno kwa Kalembo amati ndimalankhula ngati ndikuitana munthu wa tsidya lina la Shire. Alekeni anene, mawu ndi anga, sindinabwereke kwa munthu. Koma nkhani iyi ndaganiza zoilemba, chifukwa ndikamainena pa msika anthu amaseka pamalo posayenera kuseka. Sukulu ndinalekezera sitandade thuu, ndiye zilembo zanga n'zikuluzikulu ngati mapazi a ng'ombe m'matope. Amene muwerenge, mupirire.

Ku Joni ndinapita ndili kale bambo wa ana atatu, chaka chimene chimanga chinauma chisanabereke. Akazi anga, mayi a Tereza, anandiperekeza mpaka pa msewu wa tala, atandimangira chigumu ndi mtedza wokazinga m'kansalu. Ndinawauza mokweza, kuti ndi apongozi omwe amve: "Zaka ziwiri basi. Ndikapeza malata ndi njinga, ndabwera." Malata anabwera. Njinga inabwera. Anabweranso makina osokera. Mwini wake ndiye ankangoonekera Khirisimasi ina, ina ayi, mpaka imvi zinandimerera konko.

Che Amidu ndinakumana nawo m'basi ya ulendo woyamba womwewo. Myao wa kwa Mposa, wamfupi, wa kandevu kosongoka, wosakonda zolankhula. Ine ndinali ndikufotokozera basi yonse mmene ndikalemerere. Titadutsa Mwanza iwo anatembenuka n'kunena kuti, "Amwene, kodi wailesi imeneyi ilibe pozimitsira?" Basi yonse inafa ndi phwete. Ndinafuna kuwamenya. Koma titafika pa Tete madzi anga anatha, iwo n'kundipatsa awo. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa kwa iwo linali Che Wailesi, ndipo sitinasiyanenso.

Ntchito yathu inali yoyala njerwa za pansi pa mabwalo a anthu olemera. Che Amidu anali a chingwe ndi levulo. Akakoka chingwe chawo n'kutsinzina diso limodzi, mzere unkaongoka ngati wojambula ndi rula. Ine ndinali wa piki ndi wilibala, ndiponso wokangana ndi bwana. Bwana akafuna kutipondereza, amene ankaima pakati pa bwalo n'kukuwa mpaka agalu a nyumba zoyandikana kuyamba kuuwa ndinali ine. Che Amidu ankangopitiriza kuyala njerwa, kenako pobwerera n'kunena kuti, "Lero mwagwira ntchito, Che Wailesi. Ya pakamwa."

Chaka china piki inandiboola phazi. Bwana akanadziwa akanandichotsa tsiku lomwelo. Kwa masabata atatu Che Amidu ankandikhazika pa chingwe chawo kuti ndizioneka ngati ndikuyeza, iwo n'kumakankha wilibala yanga, kenako n'kubwera kudzaongola mizere imene ndakhotetsa. Sanatchulepo zimenezi ngakhale tsiku limodzi, ngakhale titayambana.

Tinkakhala m'kachisakasa ka malata kuseri kwa galaja ya munthu wina ku lokeshoni. Matiresi awiri pansi, pulayimasi imodzi, poto mmodzi. Chifukwa cha poto mmodziyo, ine Mkatolika wobatizidwa ndinasiya kapado zaka zonsezo, chonsecho nyama ya nkhumba ndinkaikonda kuposa ina iliyonse. Mwezi wa Ramazani ukafika, iwo akusala, ine ndinkakadyera buledi wanga kuseri kwa mulu wa mchenga ngati wakuba. M'nyengo yozizira, kuzizira kwa kumeneko kumene kumalowa mpaka m'mano, tinkaphatikiza matiresi n'kufunda mabulangete onse pamodzi.

Tsopano mumve za mapepala, poti nkhani yagona pamenepo. Ukamalowa m'dziko muja amakudindira masiku makumi atatu. Akatha, uyenera kutuluka. Nanga ndani angasiye ntchito mwezi ndi mwezi kuti akangowoloka mlatho wa pa boda n'kubwerera? Ndiye ife tinali ndi njira yathu: munthu ankatsala, pasipoti n'kumayenda. Panali thiransipota wina, wa galimoto yonyamula katundu wa anthu kupita kumudzi. Mwezi ukamatha ankazungulira m'malokeshoni kutolera mapasipoti athu m'jumbo ya shuga. Pobwera, buku lililonse lili ndi zidindo ziwiri, chotulukira ndi cholowera. Pasipoti yanga yawoloka mlatho uja kosawerengeka ine ndili pa wilibala. Ndinkanyadira nazo. Apolisi akatulukira pa msewu, anzathu akuthawira m'mipaipi, ine ndinkatulutsa buku langa pang'onopang'ono ngati nduna.

Zosinthazo sizinabwere tsiku limodzi. Poyamba tinamva kuti wopitirira masiku sakumulipitsanso n'kumusiya ngati kale, koma akumuletsa kulowa kwa zaka. Kenako tinamva kuti pa boda aika makina ojambula nkhope ndi zala. Kenako mabwana anayamba kunjenjemera, akuti oyendera akapeza wantchito wopanda chilolezo, mlandu ukugwera ndi bwana yemwe. Ine ndinati malamulo amenewo ndi a anthu obwera dzana, ife ndife akale.

Che Amidu anati, "Pasipoti mumatuma, chabwino. Nanga chala mutuma bwanji? Mudula?"

Iwo analeka kutumiza yawo. Anaiika m'chitini cha tiyi mpaka inatha mphamvu momwemo. Ine ndinamufunsa thiransipota uja, iye n'kundigwira paphewa. "Mdala, musadandaule. Ndili ndi munthu wanga mkati." Ndipo zoonadi zidindo zinkabwerabe, zooneka bwino kuposa kale. Ndinkazionetsa kwa Che Amidu n'kumawaseka.

Che Amidu anagwa m'mawa wina, dzuwa litangokwera, tili pa bwalo la nyumba ina. Ndinangoona chingwe chalendewera. Pocheuka, munthu ali chagada pa mchenga, pakamwa patapotoka. Kuchipatala anawasunga masiku angapo n'kuwatulutsa, dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafa. Bwana anatiuza tonse awiri kuti tisabwerenso. Ambulansi imene inadzawatenga inamubweretsera mafunso, ndipo iye safuna milandu. Ine wokonda kukuwa ine, tsiku limenelo ndinangotola chingwe chawo n'kuchikulunga.

Ndinawasambitsa, ndinawamwetsa phala, ndinawanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Dokotala anati ulendo wa masiku atatu pa basi asauyerekeze kufikira atapezako mphamvu. Ndiye pa nthawi yomweyo kumudzi kunali ukwati wa mwana wanga wamkazi wotsiriza. Maukwati a akulu ake awiri ndinaphonya. Uwu ndinati iyayi, sindiphonya.

Ndinagwirizana ndi mayi Selina, a ku Tete, ogulitsa mandazi khomo loyandikana, kuti aziwapatsa chakudya ndi kuwatembenuza. Kenako ndinagwada pambali pa matiresi awo.

"Masabata awiri okha, amwene. Ndikabwera tikakutengerani pepala loyendera m'malo mwa pasipoti yakufa ija, tizipita limodzi."

Lilime lawo linali lolemera, koma chipongwe chinalipobe. "Kwa akazi anu munati zaka ziwiri."

"Izi ndi zina."

"Mverani, Che Wailesi. Inu Akhristu mukafa amakuikani m'bokosi, thiransipota n'kukupititsani kwanu ngati katundu. Ife Asilamu sitidikira. Ndikafa m'mawa, madzulo ndili kale m'dothi la eni ake. Ngati ndikupita kwa Mposa, ndipite ndikupuma."

Ndinawalonjeza. Ndinalumbira pa Mulungu wanga ndi pa wawo.

Pa boda tinafika chakum'mawa, mzere wautali, dzuwa likuwotcha kale. Pa windo panali mayi wa yunifolomu, msinkhu wa Tereza wanga. Anandiuza kuti ndiyang'ane kagalasi, ndiike zala pa kabokosi kowala. Anayang'ana kompyuta, anayang'ana buku, anayang'ananso kompyuta.

"Baba, inu m'dziko muno simunatulukemo kwa zaka."

Chizulu ndimachimva, ndipo ndimachilankhula mokweza ngati Chichewa chomwe. Ndinamenya pa windo. "Nanga izi n'chiyani? Werenga zidindo, mwana iwe!"

Sanakwiye. Anaitana mkulu wake, mkuluyo anadinda chidindo chawo pa pepala loyera n'kuliika pambali pa tsamba langa. Ngakhale ine wa sitandade thuu ndinaona. Zilembo za m'buku mwanga zinali zonenepa, mzere wa m'mphepete wokhota. Chibwerere makina aja, thiransipota wathu analibe munthu aliyense mkati. Anali ndi chidindo chake chosema yekha, ndipo mapasipoti athu ankangogona m'galimoto mwake.

Anandikhazika m'kachipinda mpaka dzuwa kupendeka, anthu a m'basi akunditukwana panja. Mkulu uja anati ndikanakhala wachinyamata ndikanalowa m'ndende, koma imvi zandipulumutsa. Analemba mizere yofiira pa zidindo zonse zabodza n'kundipatsa pepala. Chizungu chake sindinachimve, koma nambala ndimaidziwa. Faifi. Zaka zisanu osapondamo.

Pa ukwati ndinavina, ndinapereka mwana kutchalitchi, ndinalankhula mpaka zokuzira mawu kusowa ntchito. Pepala lili m'thumba la jekete. Sindinauze munthu.

Ukwati utatha ndinapeza kuti pakhomo pano ndilibe chochita. Mudzi ndi wa akazi anga, ine ndinangobwera kudzakwatira, ndipo zaka zonse zija zinthu zinaphunzira kuyenda popanda ine. Mbuzi ndi zawo, nandolo ndi wawo, amene amadziwa kumene kumakhala khasu ndi iwo. Zidzukulu zinkandipatsa moni wa mlendo. Ndinkadzuka n'kupita ku msewu, kuona mabasi akudutsa, kubwerera, kukhala pansi, kudzukanso. Chakudya ndinkadya choimirira. Foni ikalira ndinkathawira nayo kuseri kwa khola.

Masabata awiri anatha. Anatha anayi. Mayi Selina anaimba: mwini galaja akufuna malo ake. Anaimbanso: mapiritsi atha, ndipo pa geti la kiliniki paima anthu amene akubweza aliyense wopanda chitupa cha dziko lija. Tsiku lina anawagwirizira foni pa khutu Che Amidu.

"Che Wailesi, masabata anu aja ndi a kalendala iti?"

Ndinati mabasi avuta. Ine, kunamiza munthu wogona pansi! Iwo anangoti, "Chambone," chabwino cha Chiyao chija, foni n'kuduka.

Ndinapita kwa Mposa kukaonana ndi mlongo wawo, Abiti Saidi. Akazi a Che Amidu anatopa kudikira, anakwatiwa kwina kalekale, ndiye wotsala anali mlongoyo, wokalamba, maso atayamba kuchita mdima. Ana a mlongoyo, amuna atatu a ndevu zawo, anakhala pa khonde n'kumandimvetsera. Awiri analowa m'nyumba n'kutulutsa mapepala onga langa lomwe. Nawonso analetsedwa. Wachitatu analibe ndi pasipoti yomwe. Abiti Saidi anafufuza dzanja langa n'kuligwira mwamphamvu.

"Munapita nawo ndinu. Mubwere nawo ndinu."

Ndinaganiza zodutsa m'tchire, kuwoloka mtsinje wa pa boda uja wapansi ngati mmene ena amachitira. Popita mwina maondo akanalola. Koma pobwera, munthu wosayenda ndidutsa naye bwanji pa waya? Thiransipota wa chidindo uja foni yake inali itazima. Wina amene ndinamupempha anati, "Mdala, ine ndimanyamula mafiriji ndi masofa. Wodwala amafuna womusambitsa ndi womunyamula masiku atatu. Akandifera pa Tete nditani naye? Pezani munthu wa pasipoti yoyera akamutenge."

Masana ena mayi a Tereza ankapeta nandolo pansi pa mtengo wa mango. Ndikudutsa, analankhula osadzutsa mutu.

"Bambo a Tereza, lero mwapita ku msewu kasanu. Mkazi wa ku Joniyo akukuitanani?"

"Mkazi wake uti?"

"Amene mumathawira naye kuseri kwa khola foni ikalira."

Ndinakuwa. Ndinatchula malata, ndinatchula makina osokera. Anandisiya ndimalize. Nditamaliza ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pepala lija n'kuliponya m'lichero mwawo, n'kufotokoza zonse. Mayi a Tereza ankawadziwa Che Amidu, poti anadyapo pakhomo pano Khirisimasi ina, nkhuku atazinga okha.

Anapukuta manja pa chitenje n'kulowa m'nyumba. Ndinamva sutikesi ikutsekuka. Potuluka anali ndi kabuku m'manja, kosapindika ngakhale pakona.

"Iyi ndi yoyera?"

Ndinaitsegula. Nkhope yawo, dzina lawo, masamba opanda chidindo ngakhale chimodzi. "Mwaitenga liti imeneyi?"

"Chaka chimene munaphonya ukwati wachiwiri. Ndinkafuna ndibwere ndidzamuone ndi maso anga amene akukusungani kumeneko. Kenako mvula inagwa, ndinayamba kudzala."

Ndikanayenera kugwada. M'malo mwake ndinayamba kuwiringula. Chilankhulo simuchidziwa. Basi ya masiku atatu simunakwerepo. Mwamuna wa eni, mumusamala bwanji m'njira? Koma chenicheni chinali pa khoma la pabalaza: chithunzi changa, nditaima pa geti la nyumba ya zipinda zambirimbiri, dzanja lili pa galimoto. Nyumba imene tinkayalapo njerwa. Ndinawauza kalekale kuti ndi pamene ndimakhala.

"Bambo anu atadwala, amene ankawatembenuza ndi kuwachapira mpaka tsiku lomwalira ndi ine, inu kulibe," anatero. "Nenani china."

Ndinayang'ana pansi. "Mukafika kumeneko, nyumba yake si ya pa chithunzi ija."

"Ndikudziwa. Chithunzicho ndachiyang'ana zaka zambiri. Munthu wa nyumba yotero savala nsapato zomanga ndi waya."

Ndinawajambulira njira pa katoni: potsikira basi, tekisi yoti akwere, shopu ya denga lofiira, galaja. Ndinawaphunzitsa mawu asanu a Chizulu, iwo n'kunena kuti awiri akwana. Ndinakawakweza basi ku Blantyre.

Masiku awo anali makumi atatu, akapitirira nawonso aletsedwa, ndiye basi njira yonse yatsekeka. Pepala loyendera la Che Amidu linkafuna zithunzi, linkafuna mwini wake aonekere ku ofesi ya dziko lathu, linkafuna kubweranso mawa. Mayi a Tereza ndi mayi Selina ankawakweza pa wilibala mpaka pokwerera tekisi. Ine kuno ndinkadyetsa mbuzi. Imodzi inathawa n'kukadya chinangwa cha eni, ndinakapepesa ine, munthu woti pakamwa panga sipanazolowere kupepesa. Tsiku lililonse ndinkadula mzere ndi khala pa khoma la khitchini. Mizere itakwana makumi awiri ndi isanu, foni yawo inazima. Ndinaimba, ndinaimbanso, ndinaimbira mayi Selina, iwo anati anyamuka dzulo, kachisakasa kaja atseka kale. Tsiku lotsatira ndinayenda wapansi mpaka pa Ulongwe osadziwa chimene ndikukafuna. Mvula yoyamba inandipeza m'njira, sindinabisale.

Tsiku lachitatu foni inalira, nambala yachilendo. Mawu a mayi a Tereza, kumbuyo kukumveka injini.

"Mlatho tinawoloka dzana. Foni inagwera m'ndowa. Iyi ndabwereka, musachulutse zonena."

"Ali moyo?"

"Ali pano akudya nthochi. Nawonso awapatsa pepala la zaka zisanu. Aseka mpaka kutsamwa."

Ndinakawadikira pa depoti ya Liwonde kuyambira m'mawa. Minibasi iliyonse yoima ndinkaisuzumira mpaka makondakitala anayamba kundithamangitsa. Yawo itafika anatuluka mayi a Tereza, maso ofiira, chitenje chitada ndi fumbi la mayiko atatu. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Munkagona pamenepo zaka zonsezi?"

"Panali pafupi ndi ntchito."

"Mukanandiuza. Ndikanakutumizirani bulangete lina." Kenako anakweza mawu. "Nanga mwaimiranji? Tulutsani anzanuwo."

Che Amidu anali pa mpando wa kumbuyo, atatsamira chikwama. Nditawanyamula ndinachita mantha. Munthu amene ankasenza matumba a simenti anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Sanandifunse za bodza la mabasi lija, ndipo ine sindinayambitse.

Galimoto ya matola yopita kwa Mposa inatisiya pamene msewu unasanduka phala ndi mvula. Ndinawabereka kumsana, mayi a Tereza atasenza chikwama. Tinadutsa m'minda ya mpunga, phiri la Chikala lili uko, iwo akunditchulira m'khutu mayina a eni minda, ena omwalira kale. Titaona denga la mzikiti ndi nyumba ya mlongo wawo, anandikoka khutu ndi dzanja lamoyo lija.

"Nditsitseni."

"Pali matope, amwene. Tatsala pang'ono."

"Ndati nditsitseni. Ndinachoka pano ndi miyendo yanga. Sindilowa pamsana pa munthu."

Ndinawatsitsa. Ine mbali yakufa, mayi a Tereza mbali yamoyo. Phazi limodzi linkaponda, linalo linkakwekwerezeka m'matope. Anthu anatuluka m'nyumba zawo n'kuima m'mbali mwa njira, koma palibe amene anathamanga kudzawanyamula. Mtunda wake unali ngati kuchoka pa khonde kufika pa nkhokwe, koma tinauyenda nthawi yaitali, thukuta likuwatsika mpaka m'ndevu. Abiti Saidi anali ataima pa khomo, maso awo ofooka aja akusakasaka.

"Ndani ameneyo?"

Che Amidu anachotsa dzanja paphewa la mayi a Tereza n'kundikankha nalo pachifuwa. Ndinawasiya. Anaima okha, akugwedera.

"Ndine, achemwali. Ndabwera."